N'chifukwa Chiyani Akuluakulu Analira Poonera Logan?

Mafilimu a ngwazi timawadziwa mmene amayendera. Pamakhala munthu wa mphamvu zodabwitsa, chovala chothina chonyezimira, ndi chigawenga china chake chofuna kuphwasula dziko lonse. Kumapeto nyumba zosanja zimagwa ngati makatoni, ngwazi imapambana, inu mumazimitsa foni n'kukagona. Pofika mawa mwaiwala ngakhale dzina la chigawenga chija.

Ndiye mu Malichi 2017 kunatuluka filimu yotchedwa Logan. Anthu anapita kukaonera akuyembekeza zomwezo: Wolverine, uja wa zikhadabo zachitsulo, akukhadzula adani. Zikhadabozo anazionadi, magazinso anawaona ambiri. Koma nkhani imene inamanga nthenje atatuluka inali ya misozi. Amuna a ndevu zawo ankavomera poyera kuti alira, chikhalirecho amenewa ndi aja salira ngakhale pamaliro.

Papita zaka tsopano, koma filimuyi ikuyendabe m'mafoni ndi m'malaputopu, ndipo woionera koyamba lero amagwabe m'limodzi mwa magulu omwe anaoneka nthawi ija: olira, odandaula, ndi makolo odzidzimuka. Magulu atatuwa ndi amene ndikufuna tikambirane. Chenjezo kwa inu amene simunaonere: m'munsimu ndiulula mathero ake. Ngati simufuna kuti ndikuonongereni, kaonereni kaye, mudzatipeza.

Nkhani yake mwachidule

Filimuyi anaitsogolera ndi James Mangold, ndipo nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 2029. Anthu obadwa ndi mphamvu zachilendo, aja amawatcha ma-mutant, atsala ochepa. Kwa zaka 25 sikunabadwenso wina. Logan, lomwe ndi dzina limene Wolverine amadziwika nalo kwa anzake, wakalamba. Thupi lake limene kale linkapola lokha pakamphindi tsopano likuchedwa kupola. Chitsulo cha adamantium chimene anamukutira nacho mafupa chikumudya pang'onopang'ono ngati poizoni. Akutsimphina, akutsokomola, powerenga akufuna magalasi. Chikhadabo chimodzi chikukana kutuluka bwinobwino, mpaka amachita kuchikoka ndi dzanja.

Ntchito yake? Ndi dalaivala wa galimoto ya hayala, yaitali ija yonyamula aukwati ndi zidakwa za ndalama, mumzinda wa El Paso ku Texas. Akaweruka amadutsa malire kulowa ku Mexico, kumene wabisa Pulofesa Charles Xavier m'thanki yakale yamadzi pafakitale ina yosiyidwa. Charles ndi mphunzitsi wake wakale, munthu amene anali ndi ubongo wamphamvu kuposa wina aliyense padziko. Pano wapyola zaka 90, mutu sukuyenda bwino, ndipo matenda akamugwira aliyense amene ali pafupi amauma thupi, kulephera ngakhale kupuma bwino. Ndalama zonse za Logan zikuthera ku mankhwala a mkuluyu, zotsala akusunga kuti adzagule boti akakhale pakati pa nyanja, kutali ndi anthu.

Kenako pakubwera Laura, mtsikana wazaka 11 wa zikhadabo ngati za Logan, amene kampani ina inamupangira mu labotale pogwiritsa ntchito magazi a Logan yemweyo. Kunena mosapita m'mbali, ndi mwana wake. Anthu a kampaniyo akumusaka, ndipo Logan, mosafuna, akuyamba ulendo wopita naye ku North Dakota, kufupi ndi malire a Canada. M'galimoto muli nkhalamba yodwala, bambo wotopa, ndi mwana wosalankhula. Filimu yonse yagona pa anthu atatuwa.

Gulu loyamba: olira

Chifukwa chimodzi cha misozi chija n'chosavuta kuchiona. Hugh Jackman anayamba kusewera ngati Wolverine m'chaka cha 2000, mufilimu ya X-Men, ali ndi zaka 31. Patrick Stewart nayenso anayamba chaka chomwecho ngati Charles. Pofika 2017 anali atakhala m'maudindowa zaka 17, mpaka a Guinness World Records anadzawalemba m'buku lawo chifukwa cha kutalika kwa nthawiyo. Mwana amene anaonera X-Men ali ku pulayimale, pofika pa Logan anali bambo kapena mayi wa ana. Jackman anali atalengeza kale kuti iyi ndi filimu yake yomaliza ngati Wolverine. Ndiye anthu anapita kukaonera ngati akupita kukatsanzika m'bale wawo.

Eni akenso sanapirire. Filimuyi inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu Febuluwale 2017, ndipo Stewart anafotokoza pambuyo pake kuti iye ndi Jackman anakhala moyandikana, ndipo chakumapeto onse awiri ankapukuta misozi atagwirana manja.

Koma kutsanzikana kokha sikukwana kufotokoza zonse. Pali anthu ambiri amene sanakule ndi X-Men, sadziwa kuti Magneto ndi ndani, koma Logan inawagwira pamtima chimodzimodzi. Ine ndikuona kuti chinawaliza ndi tizochitika ting'onoting'ono timene mafilimu a ngwazi sationetsa.

Taganizirani pamene Logan akufika ndi mankhwala, atatopa usiku wonse, Charles n'kuyamba kukana kumwa, kumunyoza, kumuuza kuti akungodikira kuti iye afe. Logan sakuyankha mokoma ayi. Akukalipa, akumuyang'anitsitsa m'kamwa ngati wamezadi mapiritsi. Taganiziraninso pamene aima pamalo omwetsera mafuta, Logan n'kumulowetsa mkuluyu m'chimbudzi, mkuluyu akuchita manyazi kuti asamuyang'ane. Munthu amene anali mphunzitsi wa ngwazi zonse, lero sangathe kudzithandiza yekha. Kapena pamene Logan akumunyamula m'manja kukwera naye masitepe kukamugoneka.

Apa palibe bomba, palibe ndege yakugwa. Koma aliyense amene anasambitsapo agogo ake, amene anakanganapo ndi bambo ake odwala pa nkhani ya mapiritsi, amene anatukwanidwapo ndi munthu yemwe akumusamalira, anadziona yekha pa sikirini. Filimuyi sinamize kuti wosamalira wodwala amakhala mngelo womwetulira. Ikuonetsa chikondi chotopa, chaukali, chimene nthawi zina chimalakalaka zonse zitangotha, komabe mawa lake chimadzuka n'kukagulanso mankhwala.

Pali chochitika china chimene oonera ambiri amachitchula. Paulendo wawo, atatuwa akulandiridwa ndi banja lina la alimi, a Munson, n'kudya nawo chakudya chamadzulo. Pofuna kubisa kuti iwo ndi ndani, Logan akunena kuti Charles ndi bambo ake, Laura ndi mwana wake. Ndi bodza lodzitetezera, koma ndi bodza limene lili loona kuposa chilichonse chimene wanena mufilimu yonse. Pathebulopo akuseka, akukumbutsana zakale. Usiku womwewo Charles akuphedwa. Pomuika m'manda, Logan akuyesa kulankhula mawu otsanzika koma akukanika, akungotchula zoti malowo ali pafupi ndi madzi. Galimoto itakana kulira, akutenga fosholo n'kuyamba kuiphwanya mpaka kugwa pansi. Amene munaferedwapo mukudziwa kuti chisoni nthawi zina chimatulukira pa chinthu chosalakwa ngati chimenecho.

Gulu lachiwiri: odandaula

Si onse anasangalala, ndipo madandaulo awo si opanda pake. Ena anati filimuyi ndi yozizira. Ndi ya mphindi 137, ndipo mbali yaikulu ndi anthu akukangana m'galimoto, m'fumbi, m'hotela. Munthu amene walipira tikiti kuti aone nkhondo mphindi khumi zilizonse ayenera kudandaula ndithu. Mangold sanabise kuti anatengera mafilimu akale a makauboyi, mpaka mkati mwa Logan muli pamene Charles ndi Laura akuonera Shane, filimu ya 1953. Kwa wachinyamata wozolowera liwiro la Avengers, kayendedwe kameneka kamamveka ngati minibasi yodikira kudzaza.

Ena anati ndi yomvetsa chisoni mopyola muyezo. A X-Men onse aja anthu ankawakonda kulibe, ndipo filimuyi ikusonyeza kuti ena mwa iwo anafa chifukwa cha matenda a Charles yemweyo. Banja la a Munson, limene linangochita chifundo kwa alendo, likuphedwa lonse. Logan naye akufa pomaliza. Funso lawo linali lakuti, zaka 17 zonse tinkatsatira anthuwa kuti athere m'fumbi chonchi? Enanso zinawanyansa kumva Pulofesa, munthu waulemu wake uja, akutukwana. Ndipo ambiri, ngakhale oikonda filimuyi, anati mdani wamkulu, X-24, amene ndi Logan wina wachinyamata wopangidwa mu labotale, ndiye mbali yofooka ya nkhaniyi.

Pa nkhani ya kuzizira ndi ya X-24 sindilimbana nawo, aliyense ali ndi kukonda kwake. Koma pa kutukwana kwa Pulofesa, ndikuganiza kuti odandaulawo anaphonya mfundo. Matenda a ubongo a muukalamba amachitadi zimenezo. Munthu amene moyo wake wonse sanatulutsepo mawu oipa amatha kuyamba kulalata, kukayikira ana ake kuti akumubera, kuiwala nkhope ya amene akumudyetsa. Chimene chinawawawa oonerawo ndi chomwecho chimene chimawawa mabanja enieni: kuona munthu amene unkamulemekeza akusanduka wina.

Pa nkhani ya imfa zochuluka, m'mafilimu ambiri a ngwazi mzinda wonse umagwa koma simuona maliro ngakhale amodzi. Mu Logan munthu akabayidwa amamva kuwawa, akafa wafa, ndipo otsala amakumba manda. Mukhoza kusaikonda njira imeneyi, koma simunganene kuti ikunama.

Gulu lachitatu: makolo odzidzimuka

Ili ndiye gulu limene likutikhudza kwambiri m'magazini ya banja ngati ino. Ku America, Logan inapatsidwa chizindikiro cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa popanda kholo kapena womuyang'anira wamkulu. Ku Britain anaiika pa zaka 15. Ku China anaidula mphindi pafupifupi 14, ndipo anaikapo chenjezo kwa makolo. Mafilimu a X-Men oyambirira anali a PG-13, oti banja likhoza kuonera limodzi, ndiye makolo ena anangoona dzina la Wolverine n'kutenga ana, osayang'ana chizindikiro. Zimene anakumana nazo ndi mitu ikudulidwa, zikhadabo zikulowa m'chigaza, ndipo wochita zina mwa zimenezi ndi mtsikana wamng'ono. Dafne Keen, amene anasewera ngati Laura, analidi ndi zaka 11 pojambula.

Kunjako pamakhala munthu pakhomo la nyumba yoonetsera kanema woti angabweze mwana. Kwathu kuno filimu imayenda pa fulashi, pa memori khadi, pa foni ya achimwene imene yasiyidwa pa chaja. Palibe wapakhomo. Wapakhomo ndinu, amene muli ndi foniyo. Mng'ono wanu wa Sitandade 5 akamva kuti ndi Wolverine, akuganiza za katuni. Choncho kumbukirani kuti mawu akuti "filimu ya ngwazi" satanthauzanso kuti ndi ya ana. Musanapatsire mwana filimu, yang'anani chizindikiro chake, n'zosatenga ngakhale mphindi imodzi pa intaneti. Logan ndi yabwino, koma si ya ana, basi.

Zimene ndalama zinanena

Opanga mafilimu samva misozi, amamva ndalama. Kwa zaka zambiri makampani ankaopa kupanga filimu ya ngwazi ya akuluakulu okhaokha, poganiza kuti ukatsekera ana kunja wataya msika. Deadpool ya 2016, imene inalinso ya R, inasonyeza kuti mantha amenewo anali opyola muyezo, koma ija inali ya nthabwala. Logan inali yoyesa china: kodi anthu angalipire kuti aone ngwazi ikukalamba ndi kufa?

Analipira. Filimuyi inapangidwa ndi ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni, ndipo inabweretsa oposa 600 miliyoni padziko lonse. Mu 2018 inalowa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Oscar m'gawo la kalembedwe ka nkhani yochokera m'buku, koyamba kuti filimu ya ngwazi yoseweredwa ndi anthu enieni ifike pamenepo. Sinapambane, koma kungotchulidwa kokha kunali kuvomereza kuti nkhani ya munthu wa zikhadabo ikhoza kulembedwa mozama ngati ina iliyonse.

Chosangalatsa ndi chimene chinachitika mu 2024. Jackman, uja anatsanzika, anabweranso mu Deadpool & Wolverine. Opanga anati uyu ndi Wolverine wina wa dziko lina, koma filimuyo ikuyamba ndi Deadpool akufukula manda enieni a Logan n'kumenyera adani mafupa ake. Oonera anagawikananso. Ena anati uku n'kunyoza maliro amene tinalira kale. Ena anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndipo ndalama? Zinapyola madola 1.3 biliyoni, kuwirikiza kawiri za Logan. Tivomereze, anthu timafuna zonse ziwiri, kulira ndi kuseka, ndipo kuseka kumagulitsa kwambiri. Koma funsani munthu amene anaonera onse awiri kuti ndi chochitika chiti chimene chimamubwererabe m'mutu. Kawirikawiri akuuzani za Laura pa manda a bambo ake, akuzula mtanda n'kuupendeketsa kuti ukhale chilembo cha X.

A Logan a m'mabanja mwathu

Nkhani ya Logan ndi ya ku America, ya m'zipululu za Texas ndi Mexico, ndipo sindikufuna kuikokera kuno mokakamiza. Koma mtolo umene munthuyu wasenza si wachilendo kwa ambiri a inu. Amene muli pantchito kapena pa kabizinesi m'tauni mukudziwa foni ija ya pa 20 mwezi, yoti mankhwala a BP a mayi atha. Mukudziwa m'bale uja amene anasiya sukulu kapena geni yake n'kukakhala gadiyani kuchipatala milungu itatu, kugona pansi. Banja lililonse lili ndi Logan wake, ndipo nthawi zambiri ndi mkazi: mlongo wanu, azakhali, kapena mayi anu amene akusamalira amayi awo.

Pali zinthu ziwiri zimene filimuyi ikuonetsa zimene ndikufuna tizitenge. Choyamba ndi mmene Logan akumuonera Charles. Mkuluyu ndi woopsadi, matenda ake anapha anthu, boma likumutenga ngati chida chankhondo. Koma Logan akudziwa kuti amenewa ndi matenda, ndipo chofunika ndi mankhwala ndi chisamaliro. Kwathu kuno, gogo akayamba kulankhula yekha, kusochera usiku, kupezeka pakhomo la eni m'bandakucha osadziwa kuti wafikapo bwanji, mawu amene amathamangira kutuluka ndi akuti mfiti. Timamva m'nkhani za okalamba omenyedwa ngakhale kuphedwa chifukwa cha zimenezi. Chonsecho zizindikiro ngati zimenezi zimapezeka pa matenda oiwalaiwala, amene achipatala amawatcha dementia. Gogo wathu alibe ngakhale mphamvu zoumitsa anthu ngati Charles. Akungofuna womuperekeza kuchipatala ndi womutsekera chitseko usiku.

Chachiwiri ndi pamene Logan akulakwitsa. Mtolo wonse akufuna kuusenza yekha. Womuthandiza ndi mmodzi, Caliban, amene amatsala ndi wodwala, kumuphikira ndi kuchapa, ndipo ngakhale iyeyo akamufunsa za thanzi lake, Logan amangomukalipira. Akumwa mowa kuti agone. Akubisa kuti naye akudwala. M'thumba akuyenda ndi chipolopolo chimodzi cha adamantium, ndipo pambuyo pake akuvomera kwa Laura kuti ankaganiza zodziombera nacho. Oonera ambiri anamutcha ngwazi chifukwa cha kupirira, koma filimuyi sikubisa kuti kupirira kwa mtundu umenewu kukumupha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Wosamalira wodwala naye amafuna womusamalira.

Ndiye mukamaonera Logan, kaya koyamba kaya kachitatu, dzifunseni kuti kwanu akusenza ndani. Ngati ndi mlongo wanu kumudzi, kutumiza ndalama pa foni n'kwabwino, koma sikumupumitsa. Muimbireni foni yofunsa za iyeyo, osati za wodwala yekha. Pa holide pitani mukagone ndi agogo masiku atatu, iye akapume kwa anzake. Pa gulu la banja la pa WhatsApp, m'malo mongotumizirana mavesi ndi zithunzi za maluwa, gawanani miyezi ya mankhwala, aliyense adziwe wake. Ndipo ngati Logan wa kwanu ndinuyo, nenani kuti mwatopa. Kutopa si kusowa chikondi, ndipo ngati maganizo ofuna kudzipweteka ayamba kubwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira kapena wachipatala lero lomwe.

Kwa odandaula aja oti filimuyi ndi yozizira, sindikukakamizani. Isungeni pa memori khadi. Pakadzapita zaka, tsiku limene mudzayambe kuwerengera bambo anu mapiritsi m'dzanja, mudzaitsegulenso. Idzakhala filimu yomweyo ya mphindi 137, koma mwina simudzaionanso kutalika.